Hositelo ya ku Chikanda: ndemanga yanga kwa inu a Fomu 4 amene mukubwera ku Chanco

Mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite aboma akangotuluka ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, azing'ono anga ambiri funso lawo loyamba silikhala la maphunziro ayi, amangoti "nanga ndikagona kuti?" Nde ndati ndilembe kamodzi za hositelo imene ndinakhalamo ine ku Chikanda, ku Zomba kuja, kuti inu amene mwangolemba MSCE ndipo maso ali ku UNIMA mudziwiretu chimene ndalama ya makolo anu ikukagula. Dzina la hositeloyo ndi la eni ake sinditchula, komanso nyumba zambiri kumeneko n'zofananako nde zimene ndinene pano zikuthandizani ngakhale mutakapeza ina.

Poyamba mumvetse chifukwa chake Chikanda ilipo pa nkhaniyi. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973 kuchoka ku Blantyre, ndipo mahositelo a pa kampasi anamangidwa nthawi imene ophunzira anali ochepa kwambiri. Pano sukulu ikutenga anthu ochuluka, kuyambira 2021 dzina ndi University of Malawi ngakhale tonse timangotibe Chanco, koma zipinda za mkati sizikwanira aliyense. Amene simunapeze malo pa kampasi mumatsikira ku Chikanda chifukwa ndi pafupi, mumayenda wapansi kukafika m'kalasi, ena amakapeza nyumba kutaliko monga ku Matawale koma kumeneko nde muwerengeretu ya kabaza tsiku ndi tsiku.

Hositelo yathuyo inali mdadada wa zipinda mkati mwa mpanda wa njerwa, geti lachitsulo, anthu awiri pa chipinda. Mumapezamo bedi, katebulo kamodzi ndi mpando, soketi imodzi basi, matiresi ndi neti mumabweretsa nokha. Mabafa ndi zimbudzi zili panja, mpopi uli pabwalo. Palibe chokongola chilichonse, penti yake inali yakalekale, ndipo munthu wochokera ku sukulu ya boarding yapamwamba akhoza kungoyang'ana n'kubwerera pa geti pomwepo. Koma ine ndikuti musathamangire kubwerera, chifukwa zimene zinali bwino pamenepo ndi zomwe zimasunga munthu chaka choyamba.

Chachikulu chinali madzi. Alandilodi anali mayi wachikulire ndithu amene ankakhala pa mpanda pomwepo, anali ndi migolo ikuluikulu yomwe ankaonetsetsa kuti ikhale yodzaza, nde mpopi ukauma m'mawa ife timasambabe n'kupita ku kalasi ya 7:30 pamene anzathu a m'nyumba zina akuzungulira ndi zidebe. Zimbudzi zimakolopedwa tsiku lililonse, panali mayi wina wolembedwa ntchito imeneyo. Mwina muona ngati n'zazing'ono koma amene anaona kolera ya 2022 mpaka 2023, ija inapha anthu ambiri kuposa ina iliyonse m'mbiri ya dziko lino, sangakuuzeni kuti chimbudzi ndi nkhani yaing'ono pa malo okhala anthu ambirimbiri. Mukapita kokaona nyumba yambani mwaona kuchimbudzi musanaone kuchipinda, ndipo tsegulani mpopi nokha muone ngati ukutuluka.

Chachiwiri chitetezo. Geti limatsekedwa usiku, mlonda analipo, mlendo sangangolowa osafunsidwa akufuna ndani. Ku Chikanda mafoni ndi malaputopu amabedwa ndithu, makamaka m'nyumba zopanda mpanda zomwe mazenera ake alibe zitsulo, munthu amangopisa dzanja pa zenera foni ili pa chaja n'kupita. Kwathuko nthawi yonse imene ndinakhalako sindinamve kuti chipinda chathyoledwa. Loko mugule wanu wolimba, wa alandilodi uja makiyi ake adutsa m'manja mwa anthu ambiri.

Ndipo mayiwo sankalola phokoso usiku. Mayaro ena, ndiye kuti a chaka choyamba, zimawanyasa, amati tathawa boarding master tapezanso wina, koma ineyo pa mfundo imeneyi ndili kumbali ya mayi aja mpaka lero. Tamverani, ku sekondale kunali belu, kunali prep, aphunzitsi amakuitanani dzina mukajomba, ku koleji kulibe amene amakudzutsani. Lekichala amalowa, amaphunzitsa, amatuluka, kaya munalipo kaya munagona si zake. Ma asainimenti ndi matesti a mkati mwa semesita amawerengedwa pa malikisi omaliza, nde amene amati ndidzawerenga mayeso akayandikira ngati mmene ankachitira ku MSCE amadzidzimuka atalemba sapu, mayeso obwereza aja a olephera, ena mpaka kuwididwa, kuchotsedwa sukulu, kubwerera kumudzi chaka choyamba chomwecho. Ndipo si ana opanda nzeru ayi, ndi omwe aja anakhoza ndi mapointi abwino, chinawagwetsa ndi ufulu wobwera nthawi imodzi. Nde malo ogona amene usiku kumakhala zii, oti utha kutsegula buku osamva sipika ya chipinda chinacho, ndi thandizo lalikulu kwa munthu amene sanazolowere kudzilamulira yekha.

Tsopano zoipa zake, chifukwa zilipo ndipo sindibisa. Magetsi ndiye anali mutu weniweni. Mita inali imodzi mdadada wonse, mayunitsi timasonkha, nde pamakhala wina ali ndi hotipuleti ndi ketulo ndi ayironi, wina ali ndi foni yokha, koma nonse mukupereka mofanana. Mayunitsi akatha pakati pa mwezi mikangano imayamba, ndani akuphika nyemba pa magetsi, ndani sanapereke, ndipo alandilodi nkhani imeneyi ankangotisiyira tokha osaikapo lamulo lomveka. Apa ndiye anandikhumudwitsa, chifukwa munthu woti watha kukonza za madzi ndi za mlonda sakanalephera kugawa mamita kapena kunena poyera kuti wophikira magetsi azionjezera zakuti. Funsani zimenezi musanapereke ndalama: magetsi ali mu renti kapena ayi, hotipuleti amaloleza kapena ayi. Mbaula ya makala ikhalepo ndithu yodikirira tsiku lozima magetsi, koma chonde musailowetse m'chipinda n'kutseka chitseko ndi mazenera, utsi wa makala sununkha koma umapha anthu ali mtulo. Kanyale ka sola kapena tochi yochaja mugulenso, kakupulumutsani usiku woti mawa kuli tesiti.

China ndi chinyezi. Zomba ili m'munsi mwa phiri, mvula imagwa yambiri, ndipo zipinda za kumapeto kwa mdadada makoma ake amanyowa nthawi ya dzinja mpaka nsapato ndi zikwama kuchita nkhungu. Tinadandaula kangapo, yankho limangokhala loti tikonza mvula ikatha, mvula n'kutha osakonza. Yang'anani m'munsi mwa khoma ndi kudenga, mukaona madontho akuda kapena penti yotukumuka pemphani chipinda china. Njira yopita ku kampasi nayonso mvula ikagwa ndi matope okhaokha, ambulera ndi nsapato zolimba musaziiwale. Usiku pochokera ku laibulale muziyenda gulu, makamaka inu achemwali, koma anyamatanso musadzione ngati simungalandidwe foni.

Renti ya pa holide ndi nkhani ina imene ambiri samaifunsa. Kwathuko ukafuna kusunga chipinda sukulu itatsekera umalipirabe, apo ayi utulutse katundu yense ndipo pobwera ukapeza alowamo ena. Mitengo sinditchula chifukwa imasinthasintha, Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zonse zinakwera, renti, makala, ufa, mafuta ophikira, nde mtengo womwe anakuuzani achimwene anu amene anamaliza kale musaudalire. Chimene ndikupempheni ndi ichi: musatumize dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene mwangomuona pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la mayaro akuti ndi ejenti, nyumba musanaione. Chaka chilichonse pamakhala ana olira chifukwa cha zimenezi. Pitani nokha kapena tumani conti, wophunzira amene anayamba kale, amene mumamudziwa akaone, mulipire kwa mwini nyumba, akulembereni lisiti ngakhale pa pepala la m'kope. Amene mukufunsira ngongole ku HESLGB, bungwe lija lokongoza ndalama ophunzira a m'mayunivesite lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, mudziwe kuti si aliyense wofunsira amene amapatsidwa ndipo ndi ngongole yoti mudzabweza mukamaliza, nde ya renti ya miyezi yoyambirira mukambirane ndi makolo mukhale nayo m'manja pochoka kunyumba.

Za mesho, mnzanu wogona naye chipinda chimodzi, ndikhalepo pang'ono chifukwa hositelo ikhoza kukhala yabwino bwanji koma ngati simukumvana ndi amene mukugona naye chipinda chimodzi mudzaida. Alandilodi athu ankalola kuti ubwere ndi mnzako amene wasankha wekha, ukapanda amakupatsa aliyense. Sabata yoyamba yomweyo khalani pansi mukambirane, tiziphika limodzi kapena aliyense zake, nyale izizima nthawi yanji, alendo azifika mpaka nthawi yanji, sopo ndi shuga n'za tonse kapena ayi. Zimaoneka zamanyazi kuzinena kwa munthu amene mwangodziwana naye koma mukazisiya zimadzaphulika nthawi ya mayeso. Kuphika limodzi kumapulumutsa ndalama kwambiri, ufa mutenge kunyumba, nyemba, bonya, soya pieces, tomato ndi masamba muzigula ku msika, chifukwa kudya tchipisi ndi kanyenya tsiku lililonse ndalama ya mwezi imatha sabata ziwiri. Ndipo njala ndi imene imakankhira ana ambiri ku zinthu zoipa, atsikana kwa azibambo a magalimoto aja amaima m'mbali mwa msewu madzulo, anyamata ku kubetcha pa foni kuganiza kuti ka 2,000 kabereka. Zimenezi ndaziona ndi maso ndipo zimandipweteka mtima, chifukwa ambiri anali ana abwinobwino amene analibe wowauza kuti kuvutika chaka choyamba si chamanyazi.

Chimene ndinaikondera kwambiri hositelo ija ndi pabwalo paja madzulo, anthu akuphika pa mbaula, wina wa Law, wina wa Education, wina wa sayansi, ma conti akukuuza kuti kosi yakuti usaiseweretse, mapepala a mayeso akale akupezeka kwa uje. Kupukwa kwanu kumabwera ndithu, makamaka amene mukuchokera kutali monga ku Karonga kapena ku Mchinji oti simungapite kunyumba pa wikendi, ndipo munthu wokhala yekha m'kanyumba kobisika amavutika nako kuposa wokhala pa gulu. Lowaninso kagulu kena pa kampasi, kaya SCOM, kaya CCAPSO, kaya gulu la Akatolika kapena la Asilamu, kwaya, mpira, zisudzo, chilichonse choti anthu azikufunsa ukasowa. Zikakuvutani m'kalasi pitani kwa lekichala ku ofesi yake msanga, osadikira kuti semesita ithe.

Nde kodi ndingamuuze mng'ono wanga weniweni kuti akakhale pa hositelo imeneyi? Eya, chaka choyamba ndingamuuze, bola apeze chipinda chapakati chosanyowa ndipo nkhani ya magetsi amvane ndi alandilodi asanalowe. Mukapeza malo pa kampasi tengani, palibe choposa kukhala pafupi ndi kalasi ndi laibulale. Mukalephera, ku Chikanda sakani ya mpanda, ya madzi odalirika, yoti mwini wake amakhala pompo kapena ali ndi woyang'anira, ndipo yambani kusaka mayina akangotuluka chifukwa zabwinozo zimadzaza sukulu isanatsegulire.