Tsiku lotsala ku Dar: kuyenda m'mbali mwa doko kapena kuwolokera ku Zanzibar?

Katundu mwagula ku msika wa Kariakoo, basi yobwerera ku Nakonde ndi ya mkuja. Anzathu a ku Chipata amafunsa kawirikawiri kuti tsiku lotsalalo alithere kuti: kuyenda wapansi m'mbali mwa nyanja mu Dar es Salaam momwemo, kapena kukwera boti kukaona Stone Town, tauni yakale ya pa chilumba cha Zanzibar. Konse kuwiri mungadziyendere nokha popanda wokutsogolerani, koma thumba silimva mofanana.

Wa ku Dar ndi ulendo wosavuta, pafupifupi makilomita awiri ndipo nyanja imakhala kudzanja lamanja njira yonse, choncho simungasochere. Yambirani pa Old Boma mumsewu wa Sokoine, nyumba ya m'ma 1860 ya nthawi ya Sultan Majid. Kutsogolo kuli tchalitchi cha St Joseph, kenako cha Azania Front cha denga lofiira, zonse za nthawi ya Ajeremani. Patukani pang'ono kulowa mumsewu wa Samora mukaone chifanizo cha Askari cha 1927, chokumbukira asilikali akuda a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Dzina loti Kariakoo nalo linachokera ku Carrier Corps, gulu la onyamula katundu pa nkhondo yomweyo, aja kwathu ankati atengatenga. Mukathere ku msika wa nsomba wa Kivukoni, makamaka m'mamawa asodzi akamatsitsa. Mukayandikira nyumba ya boma, Ikulu, foni ilowe m'thumba, pamenepo sajambula. Ndalama yomwe ingatuluke ndi ya madzi akumwa basi.

Stone Town ndiye imadya ndalama musanaone n'komwe chitseko chimodzi chosemedwa. Tikiti ya boti ili ndi mitengo iwiri, wa eni dziko ndi wa alendo, ndipo pasipoti ya Zambia imakuikani pa wa alendo, womwe ndi wokwera. Pakhomo la doko pamaima anyamata okulandirani ngati achibale, n'kukutengerani ku kaofesi kapambali komwe tikiti yomweyo amaiwonjezera mtengo. Adutseni, mukagule pa windo la kampani ya botiyo. Pasipoti musaisiye kogona, chifukwa ngakhale dziko ndi limodzi, ku Zanzibar amaiona pofika.

Mukatsika mumakumana ndi apapasi. Pa Chiswahili liwuli ndi nkhupakupa, ndipo amene anawatcha sanalakwitse. Munthu amangoyamba kuyenda nanu, akulozereni nyumba ziwiri zitatu, akulowetseni m'sitolo ya mnzake komwe amadyako kangachepe, pomaliza afune malipiro omwe simunapangane. Chimawapatsa mpata ndi chakuti tinjira ta mu Stone Town n'topapatiza ndipo nyumba n'zazitali, ndiye kadontho ka Google Maps kamadumphadumpha, inu n'kuima pamphambano mukuoneka kuti mwasochera. Koperani mapu mu foni musananyamuke, ndipo mukasokonezeka funsani wogulitsa m'sitolo njira ya ku paki ya Forodhani, mukayambirenso pagombe.

Nthawinso imathina. Boti limayenda pafupifupi maola awiri, lomaliza lobwerera limanyamuka dzuwa lisanalowe, ndipo Tanzania ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Mswahili akati "saa kumi" akunena 4 koloko madzulo, osati teni. Mukaphonya boti lomalizalo, mwalowa ndalama ya malo ogona.

Komabe pa mbiri Dar sangapikisane ndi Stone Town. Pagombe pali Old Fort ya Aarabu a ku Oman ndi House of Wonders ya Sultan Barghash ya 1883, yomwe mbali yake ina inagwa mu Disembala 2020. Chachikulu kwa ife chili ku Mkunazini, tchalitchi cha Anglican chomwe chinamangidwa pamalo a msika wa akapolo wotsekedwa mu 1873. Ambiri ogulitsidwa pamenepo ankachokera kumadera ozungulira nyanja ya Malawi. M'katimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, kwathu ku Zambia, womwe pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone. Pamenepa amalipiritsa polowa, ndipo ndalama imeneyi siipweteka. Valani zofika m'mawondo ndi zophimba mapewa, anthu akumeneko ambiri ndi Asilamu.

Ngati muli ndi tsiku limodzi ndipo mpamba wathera m'mabelo, khalani ku Dar. Stone Town isungireni ulendo wina womwe mungagoneko usiku umodzi, mudzadyeko nsomba zowotcha za pa Forodhani osayang'ana wotchi.