Blade pa DVD, Blu-ray ndi 4K: chimbale chiti chimaonetsa za mumdima?

Filimu ya Blade, imene inatuluka mu 1998, mbali yaikulu imachitika usiku komanso m'zipinda zosalowa dzuwa. Wesley Snipes, yemwe ndi Blade, wavala zakuda zokhazokha, ndipo mavampaya amene akuwasaka amatuluka kukada. Ndiye pogula chimbale cha filimuyi, funso ndi lakuti mumdimamo mukuoneka chiyani, komanso besi akumveka bwanji.

Ambirife tinayambira pa DVD. Chithunzi chake chili ndi mizere 480 ngati chimbalecho ndi cha ku America, kapena 576 ngati ndi cha ku Britain kapena South Africa. Pa TV zakale zamsana zija zinkakwanira, koma pa sikirini yaikulu ya masiku ano zofooka zake zili poyera. Onerani malo ovinira aja koyambirira, pamene magazi akukhuthuka kuchokera m'mapaipi akudenga, magetsi akuthwanima, anthu akudumpha. Zinthu zoyenda zimachuluka moti chithunzi chimasweka timabokosi ting'onoting'ono. Blade akatulukira, chikhoti, chovala chapachifuwa ndi malamba ake zimangosanduka chinthu chimodzi chakuda bii. Palinso vuto lina pa zimbale za mizere 576: zimathamangitsa filimu, zithunzi 25 pa sekondi m'malo mwa 24, ndipo mawu amakwera pang'ono. Amene mumadziwa mawu amanzenene a Kris Kristofferson, yemwe ndi Whistler, mnzake wa Blade, mukhoza kumva kuti apepuka. Komabe mawu a Dolby Digital 5.1 a pa DVD ndimawalemekeza, mfuti zimalira mokwanira.

Za mafayilo a pa fulashi ndi zimbale zopanikiza mafilimu ambiri pamodzi sindichedwapo. Kufinya filimu kumayamba kuwononga malo amdima ndi besi, zomwe ndi mtima wa Blade.

Blu-ray inabwera mu 2012 ndi mizere 1080, ndipo kusiyana kwake ndi DVD ndi kwakukulu kuposa kusiyana kwake ndi 4K. Apa wakuda amagawika. Chikopa cha chikhoti chimanyezimira mwachokha, nsalu payokha, ndipo zolembalemba za kuseri kwa mutu wa Blade zimaoneka mzere ndi mzere. Timchenga tachithunzi, timene timakhala pa filimu yojambulidwa pa tepi ya filimu osati pa kamera ya digito, tilipo, ndipo musatitenge ngati chilema, ndi mmene filimuyi inajambulidwira. Koma chimene chimandikoka kwambiri ndi mawu a DTS-HD Master Audio, omwe sanadulidwe kanthu powafinya. Nyimbo ya m'dansi muja imagunda pachifuwa ngati ng'oma yaikulu ili pafupi nawe, koma siphimba zina. Lupanga likusololoka m'chimake, zipolopolo zogwa pansi, vampaya akunyeka n'kusanduka phulusa, chilichonse chimamveka pamalo pake. Snipes amalankhula motsitsa, mwapakhosi, ndipo apa mawu ake amamveka osakweza voliyumu pafupipafupi.

Chimbale cha 4K chinatulutsidwa ndi Warner mu 2020, chili ndi mizere 2160, HDR10 ndi mawu a Dolby Atmos. Phindu lake lenileni si kuchuluka kwa mizere ayi, ndi HDR, njira yoonetsa bwino kusiyana kwa malo owala ndi amdima. Nyali ya Karen, dokotala wothandiza Blade, ikamawotcha chimvampaya chonenepa chija, Pearl, kuwalako kumabaya maso pamene m'mbali mukadali mdima woti ukuonamo zinthu. Magazinso amaoneka ofiira mozama, olemera. Zimenezi zimafuna TV yowaladi, ndipo zotchipa zambiri zolembedwa HDR pakatoni zimangodetsa chithunzi, moti mumatha kuona zochepa kuposa pa Blu-ray. Atmos nayo imafuna masipika akumwamba kapena soundbar yoimvetsa. Mukakhala nazo, magazi a m'mapaipi aja amamveka akuchokera pamutu panu. Ngati mumamvera pa masipika a TV, mwalipira chinthu chimene simuchimva.

Ndipo 4K siibisa chilichonse. Zojambula za pakompyuta za 1998, makamaka kumapeto pamene Deacon Frost wa Stephen Dorff, mdani wamkulu wa Blade, wadulidwa pakati magazi n'kumulumikizanso, kenako n'kufufuma mpaka kuphulika, zinali zofooka kale. Chithunzi chikamawala, m'pamenenso zimaonekeratu kuti n'zomatika. Pa DVD kusaoneka bwino kwa chithunzi kuja kunkazikwirira pang'ono. Zimandiwawa, chifukwa ndewu ya malupanga imene ili pomwepo ndi yokoma kwambiri pa 4K.

Kwa amene muli ndi TV wamba ndi masipika abwino, ine ndikuti gulani Blu-ray, ndipo ndalama yotsalayo muike pa sabuwufa. Za 4K zisiyireni amene TV yawo ndi OLED kapena ina yoonetsa HDR mokwanira, amenenso ali ndi pulaya yake, pakuti ya Blu-ray wamba siwerenga chimbale cha 4K.

Ngati m'bale wanu akukutumizirani kuchokera kunja, muuzeni ayang'ane chigawo kuseri kwa kava, chifukwa pulaya ya chigawo china ikhoza kukana chimbalecho. DVD ya ku America ndi ya chigawo 1, ya ku Britain ndi South Africa ndi ya chigawo 2, pamene Malawi ndi Zambia zili m'chigawo 5. Pa Blu-ray, Africa ndi Ulaya onse ali m'chigawo B, America ili mu A. Zimbale za 4K zilibe zigawo, zimasewera pa pulaya ya 4K ya dziko lililonse.