Mawindo a magetsi ndi loko wa rimoti pa Nissan 1400: kiti ndi yogulika, koma mawaya ake musawadalire

Nissan 1400 inkapangidwabe ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, mpaka 2008, koma thupi lake ndi la Datsun ya mu 1971. Galasi limakwera ndi handulo yopukusa, chitseko chilichonse chimakhomedwa pachokha. Eni pikapu zimenezi, pamodzi ndi a Datsun 120Y ndi Peugeot 404, ndi ena mwa amene amagula makiti aja olembedwa kuti amalowa m'galimoto iliyonse. Tikunena za awiri amene kawirikawiri amagulidwira limodzi: ya mawindo a magetsi a zitseko ziwiri, ndi ya maloko otsegula ndi rimoti. Mayina a pa bokosi amasinthasintha, koma zam'kati zimafanana. Kampani ya SPAL ya ku Italy ndi imodzi mwa zodziwika pa makiti a mawindo a mtunduwu, ndipo ambiri otchipa amene ali m'mashopu a sipeya ndi ongotengera kapangidwe komweko.

M'bokosi la mawindo mumapeza mamota awiri. Iliyonse ili ndi chingwe chopindika chimene chimathera ku kamutu kozungulira. Mumachotsa handulo, kamutuko n'kukaveka pa shafti yomwe handulo inali, ndipo mota imapukusa makina akale omwewo. Mulinso timphete ta pulasitiki ta mano osiyanasiyana toti musankhe kogwirizana ndi shafti yanu, tizitsulo tabowolebowole tomangira, zotsekera bowo la handulo, maswichi atatu, mtolo wa mawaya ndi fyuzi imodzi.

Kapangidwe kameneka ndiko ubwino wake, ndiponso ndiko vuto lake. Simudula chitseko, simuchotsa makina a fakitale, ndipo mukadzafuna kugulitsa galimoto ili mmene inatulukira mungobwezera handulo. Koma mota sichiritsa makina odwala. Ngati galasi limalimba mukamapukusa ndi dzanja, lidzalimbabe, kusiyana kwake n'kwakuti dzanja limamva kulimbako n'kuleka, pamene mota imangokankha mpaka mano a kamphete ka pulasitiki atatha. Madandaulo ambiri oti kiti inafa pasanathe miyezi ingapo gwero lake ndi pomwepa.

Choncho ntchito yeniyeni imayamba kiti isanatuluke m'bokosi. Handulo ya Datsun imagwidwa ndi kakilipi kobisika kumbuyo kwake. Lowetsani kansalu pakati pa handulo ndi bodi ya chitseko, kokerani uku ndi uku, kakilipi kadumpha. Chotsani bodi, masulani makina okwezera galasi, muwatsuke ndi parafini. Girizi wa zaka 30 wosakanikirana ndi fumbi amauma gwa, ndipo ndi amene amalemeretsa mkono. Onani mano a giya yaikulu ija yooneka ngati theka la mwezi: akakhala osongoka kapena ena atathothoka, pezani makina ena, musataye ndalama pa mota. Onaninso sipuling'i yopiringiza imene imathandiza kunyamula galasi. Ikaduka, galasi limatsika msangamsanga koma kukwera movutikira, ndipo mota imatentha pokweza pokha. Pakani girizi woyera wa lithium pa mano ndi m'njira ya timagudumu. M'malabala momwe galasi limatsetsereka mupopere silicone, osati oyilo wa injini, chifukwa oyilo amafufumitsa labala n'kumata fumbi. Labala wong'ambika kapena wopindikira m'kati musinthe. Muyeso wake ndi wosavuta: handulo izizungulira ndi zala ziwiri kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Mota yokha ndi yabwino ndithu, sitiyipeza chifukwa. Pa galasi laling'ono ngati la 1400 mphamvu yake ndi yokwanira. Makina akakhala ofewa imakoka ma amp 3 mpaka 5, koma galasi likafika kumapeto inu mukadasindikizabe swichi imatha kukoka 15 kapena kuposa. Chovuta ndi malo. Chitseko cha pikapu iyi n'chopyapyala, ndiye musanaboole paliponse tsitsani galasi mpaka pansi, mulowetse mota ndi dzanja muone pomwe galasi ndi mkono wa makina sizikuikhudza. Kawirikawiri malo amapezeka m'munsi chakutsogolo. Chingwe chipinde mokhotera patali. Chikapindidwa mothina chimalira, chimachedwetsa galasi, kenako chimaduka m'kati. Mota isagone pansi penipeni pa chitseko. Madzi a mvula amalowa m'chitseko chilichonse kudzera m'mbali mwa galasi n'kutulukira m'timabowo ta pansi, ndipo pa galimoto yakale timabowoto nthawi zambiri timakhala titatsekeka ndi matope. Titokoseni ndi kawaya, mota muikweze masentimita angapo.

Tizitsulo tomangira ta m'bokosi n'tofewa mopitirira. Kamutu ka pa shafti kamafuna kuzungulira chobwerera nthawi iliyonse galasi likagunda kumapeto, ndipo kachitsulo kofewa kamapindika pang'onopang'ono mpaka kamutu kapendekeka n'kuyamba kudya mano mbali imodzi. Kamangeni mbali ziwiri, kapena dulani chitsulo chanu chokhuthala mamilimita 2. Masikuluwu odziboolera okha amene amabwera m'kathumba amamasuka ndi mabampu. Mabawuti a M5 kapena M6 okhala ndi nati ya nayiloni m'kati ndiwo amakhala. Bowo lililonse mwaboola lipakeni penti musanamange, apo ayi dzimbiri liyambira pomwepo. Posankha kamphete, kazilowa mothina pa shafti. Kakamagwedera ngakhale pang'ono, si kameneko.

Tsopano mawaya, pomwe kiti yotchipa imaonekera kutchipa kwake. Kunja waya amaoneka wonenepa, koma mukamusenda mupeza pulasitiki ndiye wambiri, kopa ndi timaulusi towerengeka, mwina 0.75 mm² kapena kucheperapo. M'makiti ena si kopa n'komwe, ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa; mukapala ndi mpeni amayera m'kati. Masamu ake ndi awa. Magetsi opita ku windo la mbali ya pasenja amachoka ku fyuzi, kudutsa pa swichi ya dalaivala, kuwoloka dashibodi, kufika ku mota, n'kubwereranso njira yomweyo kukafuna earth, yomwe ndi njira yobwezera magetsi ku batire kudzera m'bodi ya galimoto. Ulendo wonsewo ukhoza kukwana mamita 8. Pa ma amp 10, waya wa kopa wa 0.75 mm² amataya pafupifupi 1.9 V pa mtunda umenewo, pamene wa 2.5 mm² amataya 0.6 V yokha. Onjezani zotayika m'maswichi awiri, mupeza mota ikulandira ma volt osakwana 10. Ndicho chifukwa chake windo la pasenja limakwawa ngati nkhono pamene la dalaivala likuthamanga, eni ake n'kumaganiza kuti mota imodzi inabwera yofooka.

Mankhwala ake ndi kuyala mawaya anu. Tengani magetsi ku batire ndi waya wa 4 mm², fyuzi ya 30 amp ikhale pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 20 kapena 30, kuti waya akakhudza bodi fyuzi ipse galimoto isanapse. Musalumikize ku bokosi la mafyuzi la fakitale. Pa Datsun zakale ndi lija la mafyuzi a galasi, timapanira take tinatopa kale, ndipo katundu wowonjezera amatitenthetsa mpaka pulasitiki kusungunuka. Musadutsitsenso magetsi a mota pa swichi ya kiyi. M'malo mwake ikani relay, swichi yoyatsidwa ndi magetsi ochepa, ya 30 kapena 40 amp: pini 30 ku fyuzi, 87 ku mawindo, 85 ku earth, 86 ku waya amene amakhala ndi moto kiyi akatembenuzidwa. Kuchokera pamenepo mpaka ku mamota, 2.5 mm².

Amene akufuna ntchito yokhalitsa awonjezere ma relay awiri a mapini asanu pa mota iliyonse. Waya mmodzi wa mota apite ku pini 30 ya relay yoyamba, winayo ku pini 30 ya yachiwiri. Mapini 87a onse ku earth, mapini 87 onse ku moto, ndipo swichi izingodzutsa pini 86 ya relay yokweza kapena yotsitsa. Mukatero swichi imanyamula magetsi ochepa kwambiri, osafika ndi theka la amp, ndipo siipsa. Izi n'zofunika chifukwa maswichi a m'bokosi ndiwo chinthu chachiwiri chofooka: timapuleti ta m'kati timada ndi moto, windo n'kuyamba kutsika koma osakwera. Ma relay muwaike pansi pa dashibodi, osati m'chitseko momwe muli chinyezi.

Powolotsa mawaya kuchoka ku bodi kupita ku chitseko ndi pomwe amakaniko othamanga amalakwitsa. Pamafunika kuboola mbali zonse ziwiri, ndipo mabowowo asayang'anizane. La chitseko likhale m'munsi masentimita 5 mpaka 8 kuti waya azipotoka pang'ono chitseko chikamatsekedwa m'malo mopindika pamalo amodzi. Bowo lililonse likhale ndi kalabala, mawaya adutse m'paipi ya labala. Waya wongopanikizidwa pa mphako ya chitseko amasupuka, ndipo tsiku lina fyuzi imayamba kupsa nthawi iliyonse mwatsegula chitseko. Earth musaitenge pa chitseko, chifukwa magetsi odutsa m'mahinjesi a dzimbiri amabwera mwa apo ndi apo. Ibwerereni ku bodi, pamalo opala penti mpaka chitsulo kuwala. Zolumikiza zonse zikhale zofinya ndi pulayara yake n'kuvekedwa kapaipi kofota ndi moto. Zopota ndi dzanja n'kukulunga tepi zimamasuka m'nyengo yotentha.

Pali chinthu chimene bokosi silinena mokweza: mamota amenewa sadziwa kuima akapana chinthu. Galimoto zamakono zambiri zimabweza galasi likakhudza dzanja, izi ayi. N'chifukwa chake mawindo ayenera kufa kiyi akazulidwa, makamaka ngati m'galimoto mumatsala ana. Ndipo batire likatha galasi lili pansi, mulibenso handulo. Makiti ena amabwera ndi kahandulo kangozi kolowetsa mukachotsa chotsekera. Ngati mungasankhe, tengani yotero, kahanduloko kazikhala m'galimoto.

Kiti ya maloko ndi yosavuta ndipo, kunena zoona, ndi imene ndalama yake imaoneka msanga. Pa pikapu ya zitseko ziwiri mugwiritsa timamota tiwiri tokha mwa tinayi tomwe timabwera, totsalato n'kukhala sipeya. Ka mawaya asanu kamapita kwa dalaivala, chifukwa kali ndi swichi m'kati youza kabokosi ka rimoti kuti loko wasuntha; ka mawaya awiri kamangotsatira. Kamota kamakankha kapena kukoka kandodo pafupifupi masentimita 2, ndipo kandodoko mumakamangirira ku ndodo ya loko wa fakitale ndi kachitsulo ka masikuluwu. Chinsinsi chili pa kulunjika. Kamota kayende mzere umodzi ndi ndodo ya loko. Kakapendekeka, mphamvu imathera m'mbali, loko amafika theka. Musanamange masikuluwu, ikani loko pakatikati pa ulendo wake, kamota nakonso pakatikati, kenako mangani ndi kadontho ka guluu wa mabawuti. Mukalakwitsa apa pa chitseko cha dalaivala, maloko amayamba kudzikhoma ndi kudzitsegula okha, chifukwa swichi ya m'kati siikufika kumapeto. Chitseko chimodzi chikamakhoma pamene chinzake chikutsegula, sinthanitsani mawaya awiri a kamota kameneko, nkhani yatha. Loko wa fakitale naye atsukidwe ndi kupakidwa mafuta kaye.

Kabokosi ka rimoti kamafuna moto nthawi zonse, pa fyuzi yakeyake ya 15 amp, ndiye kamadya batire ngakhale galimoto ili chiimire. Mukamaliza, zimitsani zonse, chotsani waya wa negativi, muike mita yoyezera magetsi pakati pa wayayo ndi batire. Galimoto yonse isapitirire ma milliamp 50. Yakale yopanda kompyuta iyenera kukhala pansi kwambiri pa pamenepo. Ngati imakhala milungu osalizidwa, ikani swichi yodulira batire. Rimoti za makiti otchipa zambiri zimatumiza nambala imodzimodzi nthawi zonse, choncho muziwerengere ngati chopeputsa ntchito, osati mlonda.

Funso limene limabwera kawirikawiri ndi la alternator, makina otchaja batire. Datsun zakale zambiri zinatuluka ndi ya Hitachi ya 35 amp, yaing'ono poyerekeza ndi za masiku ano. Pa mawindo ndi maloko zokha palibe chodetsa nkhawa, poti zimakoka kwa masekondi owerengeka ndipo batire limathandizira. Ingoyezani pa batire injini ikulira, nyali zili zoyaka: pakhale 13.8 mpaka 14.4 V. Nkhani imasintha mukawonjezera fani ya magetsi ya radiator, imene imakoka ma amp 10 kapena kuposa kwa nthawi yaitali, kapena chiwongolero cha magetsi chochotsedwa mu Opel Corsa, chimene pokhota galimoto itaima chimatha kupitirira ma amp 30. Pamenepo yambani ndi alternator yaikulu ndi waya wake wonenepa.

A galimoto zakale kuposa izi ayang'ane kaye batire. Za ku Britain zambiri za m'ma 1950 ndi kuchiyambi kwa ma 1960, monga Morris Minor ndi Land Rover, zinatuluka positivi ndiye ali ku bodi, ndipo zinali ndi dayinamo ya Lucas ya ma amp 19 mpaka 22 okha. Kabokosi ka rimoti kamapsa nthawi yomweyo mukakalumikiza pa galimoto yotero isanatembenuzidwe kuti negativi ndiye akhale ku bodi. Volkswagen Beetle zakale, za chisanafike chaka cha 1967, zambiri ndi za 6 V, ndipo makiti onsewa ndi a 12 V.

Kiti ya maloko tikuivomereza mmene ilili, bola fyuzi ndi kulunjika. Ya mawindo muigule chifukwa cha mamota ake okha, ndipo pa bajeti muwerengeretu ma relay asanu, mamita 15 mpaka 20 a waya wa 2.5 mm², mamita atatu a 4 mm², mapaipi awiri a labala ndi malabala atsopano a galasi. Munthu wozolowera amafunika tsiku lathunthu pa zitseko ziwiri, theka lake likuthera pa kutsuka makina akale. Wokuuzani kuti amaliza pa maola awiri mumufunse ngati makinawo awatulutsa m'chitseko.