Phulusa losakaniza ndi simenti: la pamoto, la zitsononkho kapena la mpunga?

Abale kuno ku Angónia, ku Mozambique, mwandifunsa kokwanira za phulusa losakaniza ndi simenti poti thumba la simenti la 50 kg likungokwera mtengo, ndiye ndiyankhe kamodzi.

La pamoto wakukhitchini lisiyeni, muli makala ndi dothi, kathireni kudimba.

La zitsononkho ndi lomwe linandipweteka mtima. Chimanga kuno ndi mbwee kuyambira Ulóngue mpaka Dómue ndiye aliyense amaona ngati laulere, koma zitsononkho zimatulutsa phulusa lochepa zedi, mutha kuwotcha ngolo yathunthu osadzaza ndowa, komanso ndi zomwe amayi amaphikira nkhuni zikasowa. Ndiye ogulitsa ena amazimitsa moto zisanapseretu kuti thumba lidzaze msanga. Bambo wina anandigulitsa lotero, lakuda bii, akulumbira kuti ndi simenti yeniyeni. Kuda kumeneko ndi makala, ndipo makala amamwa madzi, mmisiri akamasakaniza amaona kuti zauma nkumawonjezera madzi, konkireti nkufooka. Khonde langa ukamasesa tsache limatenga mchenga, mmakona mukunyenyeka ndi chala chabe. Ndinagulanso simenti, ndinalipiranso mmisiri kuti aphwanye nkuyambiranso, ndalama zomwe wogulitsa uja sanazitchule olo pang'ono.

La mankhusu a mpunga ndiye ndimaliikira kumbuyo. Likapsa bwino lili ndi silika (chinthu chomwe chimapezekanso mu mchenga) wopitirira 80%, ndipo silikayo amagwirana ndi laimu wotuluka mu simenti nkutseka timabowo ta mkati mwa konkireti. Koma lipse pang'onopang'ono, pakati pa madigiri 500 ndi 700, lituluke lotuwa, kenako musinje ndi kusefa mpaka lisalale ngati ufa woyera. Pa magawo 10 a simenti chotsanipo limodzi muikepo phulusa, osapyola awiri. Limachedwa kulimba, ndiye thirirani madzi sabata yonse, makamaka inu a ku Moatize ndi mu mzinda wa Tete komwe dzuwa limaumitsa konkireti isanagwire.

Vuto ndi loti mpunga wambiri uli kutali, ku chigawo cha Zambézia, mukawerengera transipoti phindu limatsala lochepa, pokhapokha mutapeza mankhusu pachigayo chapafupi.

Pa khonde ndi mabuloko a mpanda, la mpunga ndikuvomera. Pa nsanamira ndi silabu yapamwamba pomwe pansi pake pagona ana, ine ndimagula simenti yokhayokha, ndipo la zitsononkho logula pamsika sindidzalilolanso pakhomo panga.