Paipi ya pansi kapena pampu ya sola?

Kuno ku Kasungu mvula ikangolimbika mu Januwale thanki ya pafupi ndi nyumba, yolandira madzi a pa malata, imadzadza msanga, madzi nkumatayikira pabwalo pomwe thanki yachiwiri ili gwaa. Ndiye madziwo tiwasamutse bwanji kupita mu inzakeyo?

Njira yotchipa ndi kungolumikiza mathanki awiriwo ndi paipi chakumunsi. Sipafunika magetsi, madzi amayenda okha mpaka afanane msinkhu mbali zonse. Koma madzi sakwera mtunda abale, thanki yachiwiri ikakhala pamwamba pa sitandi iwalani. Komanso muikepo valavu pakati, apo ayi ina ikabooka onse athera pansi usiku umodzi.

Pampu ya sola ya 12V ndiye imakwezadi madzi mpaka pa sitandi, pampopi nkumatuluka ndi mphamvu, kusamba mosangalala. Vuto ndalama, kenako mitambo ikaphimba dzuwa imakoka mwaulesi, nthawi yomweyo imene madzi achuluka, pokhapokha mukhale ndi batire. Masamba ndi fumbi la pa malata zimaitseka ngati mulibe sefa, ndipo mukaisiya ikulira thanki itauma imatha kupsa.

Ine pakhomo panga mpathyathyathya ndiye ndinangoika paipi, za pampu tidzaona tikagulitsa soya.