Boti la pa Mtayamoyo: nyenyezi zinayi, imodzi ndachotsera majaketi

Sabata yatha tinapita ku Makhanga kukazonda azakhali a mayi a kunyumba, ine ndi mlamu wanga, ndiye poti ena munkafunsa za maboti a pa Mtayamoyo ndati ndilembeko zomwe ndinaona ndekha.

Kwa amene simudziwa kuno, ukakhala pa Bangula n'kumafuna East Bank, kutsidya kwa Shire komwe kuli Makhanga, pa galimoto ndiye kuti ubwerere M1 yonse, Ngabu, Nchalo, Dyeratu, ukaoloke Shire pa Kamuzu Bridge ku Chikwawa, ukakhote pa Thabwa kenako utsikenso nawo msewu wa kutsidya mpaka cha ku Fatima, pofika uko msana watha thumba latha, chonsecho malo akewo umachita kuwaona uli pa Bangula pomwepo. Kale anthu ankangodutsa pa mlatho wa Chiromo pomwe pankadzera njanji, koma madzi a mu 1997 anadula pa Mtayamoyo ndipo pano ndi maboti basi. Mlamu wanga ndi wa ku Ntcheu, atangomva dzinalo anayamba kufunsa ngati kulibe doko lina la dzina labwinoko kkkk.

Padoko pali mitundu iwiri, bwato logoba lopalasa ndi nkhafi ndi boti la matabwa la injini. Ife tinakwera la injini la madala ena aimvi osalankhulalankhula, dzina sinditchula. Mtengo ndi wokambirana, ndipo akakumva kuti Chisena sutha amayambira pamwamba, ine ndinangoti chete n'kuona kaye zomwe mayi wina wa geni ya mbatata amapereka, nanenso n'kupereka zomwezo, palibe anadandaula. Njinga yamoto imalipira payokha, thumba payokha, mbuzi nayonso ili ndi mtengo wake. Kunyamuka kwake ndi kwa minibasi, silichoka lisanadzaze, ndiye tinakhala padzuwa pafupifupi ola lathunthu popanda ndi kamthunzi komwe, dzuwa la kuno la mu Okutobala mukulidziwa, madzi a m'botolo anasanduka tiyi.

Tsono nkhani ya majaketi. Ndinafunsa mwaulemu kuti madala, ma layifi jaketi alipo? Iwo anati alipo mwana wanga, n'kuloza awiri, imodzi anayala pa chigubu cha petulo ngati mtsamiro, inayo zingwe zinaduka kalekale. M'botimo tinalimo anthu oposa khumi ndi asanu kuphatikiza ana awiri akumbuyo, njinga yamoto ili pakati, madzi atatsala chikhatho chimodzi kuti afike pamilomo pa boti. Apa ndiye sindinyengerera, izi ndi zolakwika. Mtsinje uwu uli ndi ng'ona ndi mvuu, munthu ngakhale umatha kusambira sungadzitame. Kamnyamata kena ntchito yake inali yokapa madzi ndi chigubu chodula pakati ulendo wonse, kapu kapu kapu, mlamu wanga maso ali pa chigubucho mpaka kutsidya.

Koma kayendetsedwe kokha, madala aja ndawavulira chipewa. Nyengo ino madzi aphwera ndiye pali milu ya mchenga yobisika, iwo amangoyang'ana mmene madzi akuchitira makwinya pamwamba n'kukhota, ife tikuona ngati akutisocheretsa, kenako tikuona boti lina lomwe linawongola njira litatitimira anthu akutsika kukankha. Pakati penipeni injini inazima, namasupuni atakulunga chopukusira chija. Sanatekeseke ayi, anapendeketsa injini, n'kumachotsa ndi dzanja limodzi maso ali pamadzi, kwinaku akundiuza ine kuti achimwene dzanjalo libwerere m'boti. Ndinali ndikuseweretsa zala m'madzi ngati mwana, manyazi ake.

Pobwerera mawa lake tinawapempha kuti tiwonjezere ndalama atilowetseko pang'ono m'dambo lija la Elephant Marsh, ndipo apa ndi pomwe ndalama yanga inagwira ntchito. Tinanyamuka kusanatenthe, injini anazimitsa n'kumakankha ndi nsungwi yaitali m'tinjira ta m'mabango. Akakowa mbuu, atsekwe, nkhwazi ili pamwamba pa mgwalangwa ikulira mutu chagada, maluwa a nyika atayala pamadzi. Mvuu tinaziona zinayi, makutu ndi mphuno zokha, madala anagogoda m'mbali mwa boti ndi nkhafi n'kuzilambalala patali, akuti yoopsa ndi yomwe ili ndi mwana. Njovu ndiye musayembekeze, latsala ndi dzina. Livingstone podutsa muno mu 1859 analemba kuti anaona njovu pafupifupi 800, lero ukafuna njovu upite ku Majete. Mu 2017 damboli linalowa m'gulu la madambo otetezedwa ndi mgwirizano wa maiko wa Ramsar, koma mkatimo ndi mudzi weniweni, asodzi akuvuula mono, ena akuwamba milamba pa tizilumba, azimayi akuzula mbatata kudimba komwe madzi angochokapo. Tinakumana ndi mayi wina ali ndi beseni la nyika, timizu takuda tija timene anthu amadya njala ikavuta, anatipatsako tiwiri tophika, kukoma kwake n'kwa apo ndi apo koma ukaganiza kuti pofukula munthu amalowa m'madzi a ng'ona mpaka m'khosi, sunganyoze.

Chinandiwawa n'choti ena akukokera masikito, maneti a udzudzu omwe aja, amakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Madala anangopukusa mutu, amvekere makakana a masiku ano ndi ana a makakana. Anandionetsanso malo ena n'kunena kuti ali mnyamata nsungwi sinkagunda pansi pamenepo, pano madzi ndi a m'mawondo, matope onse ochokera kumapiri komwe mitengo inathera makala amathera muno, Ruo akubweretsa ake kuchokera ku Mulanje, Mwanza akubweretsa ake. Mtsinje ukakwiririka chonchi madzi amvula amasowa kolowera ndiye amalowa m'midzi. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake n'kudzera m'midzi ya ku Makhanga, namondwe Freddy mu Marichi 2023 anadzabwerezanso, ndipo madala akuti nthawi zonsezo boti lomweli linkatsitsa anthu m'mitengo usiku ndi usana. Ndinawakhulupirira, chifukwa titafika kutsidya gogo wina anawagwira dzanja nthawi yaitali akungoti takhuta, takhuta.

Ndili m'botimo ndinkangoganiza kuti madzi omwewa atuluka m'nyanja ku Mangochi, adutsa pa baraji ku Liwonde, apukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, athirira nzimbe ku Nchalo, mpaka akathire mu Zambezi ku Mozambique, dziko lonse likudyerapo, koma pomwe anthu amaolokera tsiku ndi tsiku palibe ngakhale kashedi kapena chimbudzi. Ku Nsanje anatsegula doko lalikulu mu 2010 la sitima zomwe tikudikirabe, pomwe doko lomwe lili ndi makasitomala ndi matope okhaokha. Basi ndisapitirire, ndingayambe ndale.

Mukafuna kupita, lawirani m'mamawa mphepo isanayambe, tengani ndalama zosinthasintha chifukwa chenji ndi nkhondo ndipo netiweki yoti mulipire pafoni imabwera ikafuna, foni ikani mu jumbo, ndipo mukaona boti ladzaza mopyola dikirani lina, musachite manyazi. Nthawi ya dzinja mtsinje utadzaza ine sindingakwere ndi ana opanda jaketi, amene muli nayo yanu nyamulani.

Padoko pomwepo musaiwale nsomba. Tinadya makakana ootcha othira mchere ndi tsabola basi, ndipo ndinagula milamba yowamba isanu yopita nayo kunyumba, yomwe inanunkhiritsa minibasi yonse mpaka kondakitala pa Nchalo anati bwana mukatsika mutisiyireko umodzi.