Miyezi khumi ndikugwiritsa ntchito Bitcoin ndi USDT pa malonda a usipa ku Mangochi

M'mwezi wa Marichi chaka cha 2024 ndinalemba maganizo anga oyamba pa ndalama za pa intaneti zimene amazitcha cryptocurrency, patangopita milungu itatu chiyambireni kuzigwiritsa ntchito, ndipo ndinanena kuti ndalama zimenezi zikhoza kudzalowa m'malo mwa Airtel Money ndi TNM Mpamba kwa ife ochita malonda ang'onoang'ono. Pamene ndikulemba izi mu Disembala 2024, papita miyezi khumi. Ndaona kuti ndi bwino ndibwerenso kudzafotokoza zimene ndakumana nazo, chifukwa pali anzanga ena amene anatsegula maakaunti atawerenga mawu anga aja, ndipo sindikufuna kuti apitirize kuyenda ndi chithunzi chimene ine mwini ndinachisintha kale.

Ntchito yanga ndi yogula usipa m'madoko a kuno, makamaka cha ku Makawa ndi mbali ya Malindi, kuuyanika pa mathandala ndi kuutumiza kwa ogulitsa a ku Limbe ndi ku Lilongwe. Chimene chinandikankhira ku ndalama za pa intaneti ndi zimene zinachitika mu Novembala 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Izi zinabwera pamwamba pa kuchepetsa kwina kwa 25 peresenti kwa mu Meyi 2022. Mpamba umene ndinausunga kuti ndidzayambire nyengo yotsatira unali womwewo powerenga, koma mafuta a injini za maboti atakwera, asodzi nawonso anakweza ndowa ya usipa, ndipo ndalama imene kale inkadzaza mathandala anayi inalephera kudzaza atatu. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndiwo anandiuza kuti anzawo ena amasunga ndalama mu USDT, imene inapangidwa kuti mtengo wake uzikhala wofanana ndi dola ya ku America nthawi zonse, ndipo anandiphunzitsa pa foni mmene ndingayambire.

Ndiyambe ndi chimene chandiyendera bwino, popeza chilipo ndithu. USDT yachita zimene analonjeza oipanga. Ndinaika gawo limodzi mwa magawo anayi a mpamba wanga, ndipo m'miyezi yonseyi imodzi yakhala ikufanana ndi dola imodzi, pamene mitengo ya sopo, shuga ndi mafuta ophikira pa msika wa pa boma yakhala ikukwera. Achimwene ananditumiziranso thandizo la amayi katatu kudzera njira imeneyi, ndipo ulendo uliwonse ndalama inafika pa foni yanga m'mphindi zochepa, ngakhale kamodzi linali Lamlungu usiku. Kwa boma ngati la Mangochi, kumene mabanja ambiri ali ndi mwana kapena bambo ku Joni, zimenezi si zazing'ono.

Koma kufika kwa ndalama pa foni ndi chinthu china, kugula nayo ufa ndi chinthu chinanso, ndipo apa ndi pamene maganizo anga a mu Marichi anasweka. Palibe msodzi, wakabaza, wogulitsa mafuta kapena woyendetsa galimoto ya matola amene anavomerapo kuti ndimulipire ndi USDT kapena Bitcoin. Kuti ndalama imeneyi isanduke yogwira ntchito, ndimayenera kuigulitsa kwa munthu wina pa pulogalamu ya pa foni, mu njira imene amati P2P, kutanthauza kuti anthu awiri akugulitsana okha, pulogalamuyo n'kumangogwirizira ndalama ya wogulitsa kufikira wogula atalipira. Nanga wogulayo amandilipira bwanji? Amatumiza kwacha pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ine n'kupita kwa ejenti kukatapa. Pogula n'chimodzimodzi: ndimayamba ndaika kwacha kwa ejenti, kenako n'kutumiza kwa wogulitsa. Ndinkaganiza kuti ndapeza njira yolambalala ntchito zotumiza ndalama pa foni, koma ndinapeza kuti khomo lolowera ndi lotulukira ndi kakanyumba komweko ka ejenti, ndipo ndalama zodulidwa potumiza ndi potapa ndimalipirabe monga kale, kuwonjezapo kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira pa P2P.

Tsiku lina m'mwezi wa Epulo, cha m'ma 5 koloko m'mawa, maboti a chilimira atafika pa doko, ndinagwirizana mtengo wa ndowa zisanu ndi chimodzi ndi mayi wina amene amayang'anira malonda a boti la amuna awo. Ndalama ya m'manja inandiperewera, ndipo ndinayesa kuwafotokozera kuti ndili ndi ina pa intaneti imene ndingawatumizire ngati atatsegula akaunti. Anapukuta manja pa chitenje, natulutsa kafoni ka mabatani komangidwa ndi mphira kumbuyo, n'kundiuza kuti: “Achimwene, ngati ili pa foni tumizani pa nambala iyi, uthenga ukalira nsomba ndi zanu. Zinazo mukambirane ndi ana asukulu.” Alovi, antchito a m'botimo, anali akudikira malipiro awo pomwepo, ndipo ogula ena anali ataima kumbuyo kwanga. Ndinathamangira pa pulogalamu kukagulitsa USDT, koma intaneti ya pa doko inali yofooka, tsamba linakana kutseguka, ndipo pamene wogula amapezeka n'kulipira, usipa uja unali utapita kale pa mathandala a munthu wina.

Zimene zinachitika m'mawa umenewo zinandiphunzitsa chifukwa chenicheni chimene ntchito za ndalama za pa foni zinazikira mizu. Airtel Money inayamba kuno mu 2012, Mpamba mu 2013, potsatira njira imene M-Pesa inatsegula ku Kenya mu 2007, ndipo zonsezi zinamangidwa poganizira munthu wa kafoni ka mabatani. Munthu amangoimba *211# kapena *444#, osafuna bandulo, osafuna foni yamakono, ndipo ngakhale netiweki ikhale ya kadontho kamodzi uthenga umadutsa. Cryptocurrency imafuna foni yamakono, bandulo, batire lodzaza, Chingerezi chowerengera malangizo, ndiponso mtima wodekha posindikiza adiresi ya zilembo ndi manambala oposa makumi atatu. Kwa anthu a ku Makanjira kapena ku Namwera amene amatchajitsa foni pa sola ya pa golosale, mndandanda umenewu ndi wautali kwambiri.

Sindikunena kuti ntchito za pa foni zilibe zovuta. Ndalama zodulidwa zimapweteka munthu amene amatumiza ndi kutapa kangapo pa tsiku ngati ine. Masiku amene usipa wafa wambiri, maejenti a pafupi ndi doko amatha ndalama ya m'manja dzuwa lisanakwere, ndipo ndakwerapo kabaza mtunda wautali kukasaka ejenti wokhala ndi fuloti yokwanira. Pali malire a ndalama imene munthu angasunge kapena kutumiza pa tsiku, ndipo akathyali otumiza mauthenga abodza akuti “ndalama ija tumizani pa nambala iyi” sanathe. Chachikulu koposa n'chakuti ndalama ya pa foni ndi kwacha yomweyo, kotero kwacha ikagwa nayonso imagwa.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene ndinkachiona ngati chachabechabe, chimene tsopano ndimachiwerengera patsogolo pa zonse, ndicho kukhala ndi kobwerera zinthu zikalakwika. Mu Juni ndinalakwitsa nambala imodzi potumiza K85,000 kwa woyendetsa galimoto, ndipo chifukwa cha changu sindinawerenge dzina limene linatuluka ndisanaike nambala yachinsinsi. Ndinapita kwa ejenti amene ndimatapako masiku onse, mayi amene amalemba dzina ndi chiphaso cha aliyense m'kabuku kake, ndipo anandithandiza kuimbira ku kampani. Zinatenga masiku angapo ndi maulendo awiri, koma ndalama inabwerera, chifukwa nambala iliyonse inalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika ndipo pali ofesi imene ingaimitse ndalama. Mwezi wotsatira mnzanga wina wa malonda omwewa, amene anayamba nditamulimbikitsa ine, anatumiza USDT yake posankha netiweki yolakwika, pakuti ndalama imodzimodziyo imayenda pa misewu ingapo monga Tron ndi Ethereum, ndipo wotumiza ndi wolandira ayenera kusankha msewu umodzi. Tinakhala pa khonde usiku wonse tikulemba makalata m'Chingerezi ku malo othandizira makasitomala, koma mpaka lero ndalama ija sinaoneke. Nkhani imeneyi imandiwawa chifukwa ndine ndinamutsogolera.

Pa P2P ndinapulumukanso pang'ono. Wogula wina ananditumizira uthenga wooneka ngati wochokera ku kampani ya foni, wonena kuti ndalandira ndalama, n'kuyamba kundikakamiza kuti ndimasule USDT msanga. Ndinaimba kaye kuti ndione ndalama yotsala mu akaunti, ndipo munalibe chimene chinalowa. Ndikanamasula, panalibe wondibwezera. Aliyense wogulitsa mwa njira imeneyi asakhulupirire uthenga kapena chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp, koma aone yekha mu akaunti yake asanadine chilichonse.

Za Bitcoin ndinena mwachidule, popeza ndinagula yochepa. Ndalama imeneyi inayamba mu 2009, ndipo anaikonza kuti isadzapitirire 21 miliyoni, chimene chimakopa anthu otopa ndi ndalama zogwa mphamvu. Ndinagula mu Marichi mtengo uli pamwamba pa madola 70,000. Kumayambiriro kwa Ogasiti unatsika kufika cha pa madola 50,000, nthawi yomwe mphepo ya mwera inali itachepetsa nsomba kwa milungu ingapo ndipo ndinkafunika ndalama ya fizi ndi yokonzera mathandala. Ndinagulitsa moluza. Mu Disembala 2024 mtengo unadutsa madola 100,000, ndipo ena andiuza kuti ndikanapirira. Koma mpamba wa munthu wa usipa sungadikire miyezi isanu, chifukwa umayenera kuzungulira mlungu ndi mlungu motsatira mdima ndi kuwala kwa mwezi, ndipo ndalama imene ingatsike ndi gawo limodzi mwa magawo anayi pa nthawi imene ukuifuna si yoyenera kuikamo chakudya cha ana. Amene anaona Bitcoin ikuchoka pa madola pafupifupi 69,000 mu Novembala 2021 n'kufika pansi pa 17,000 chaka chotsatira, kampani ya FTX, yogulirapo ndi kugulitsirapo cryptocurrency, itagwa, akudziwa kuti kutsika kwa mu Ogasiti kunali kochepa.

Pali nkhani ya malamulo imene mu Marichi ndinaidumpha, ndipo sindinachite bwino kutero. Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti cryptocurrency si ndalama yovomerezeka yolipirira zinthu m'dziko muno, ndipo wochita nayo malonda amachita podziwa kuti palibe chitetezo cha boma. Komanso malamulo athu amafuna kuti kusintha ndalama zakunja kuzichitikira ku mabanki ndi malo ena ovomerezeka, pamene mtengo wa USDT pa P2P umatsatira wa dola ya pa msika wa m'mbali, osati wa ku banki. Nditaganizira zimenezi mofatsa, ndinasiya kugula USDT yatsopano mu Seputembala, ndipo ndinapempha achimwene kuti thandizo la amayi azitumiza kudzera ku makampani ovomerezeka monga Mukuru, kumene amayi amapita okha ndi chiphaso chawo n'kulandira kwacha m'manja popanda kudikira ine ndi foni yanga. Ngakhale maiko amene anayesa kuvomereza Bitcoin mwalamulo, monga El Salvador mu 2021 ndi Central African Republic mu 2022, sanaone anthu wamba akuigwiritsa ntchito pa msika monga ankayembekezera, ndipo dziko lachiwirili linabweza lamulolo patangotha chaka.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri tsopano ndi magulu a pa WhatsApp amene afika mpaka kuno, olonjeza kuti munthu akaika ndalama mu “crypto” azilandira phindu tsiku lililonse, bola abweretse anzake. Ndaona amayi a banki m'khonde akukambirana zotenga ndalama ya gulu kukaika kumeneko. Zoterezi si kugula Bitcoin kapena USDT ayi, koma kupereka ndalama kwa munthu wosadziwika amene amalipira oyamba ndi ndalama ya obwera pambuyo. Ku South Africa kampani ya Mirror Trading International inagwa mu 2020 itatenga Bitcoin ya anthu ochuluka ndi malonjezo a mtundu womwewu. Amene anawerenga zolemba zanga za mu Marichi asatenge mawu anga aja ngati chilolezo cholowera m'magulu amenewa.

Lero ndatsala ndi USDT yochepa, yosafika gawo limodzi mwa magawo khumi a mpamba wanga, ndipo mawu khumi ndi awiri otsegulira chikwama chake ndinawalemba pa pepala limene ndinalisunga pamodzi ndi makalata a malo, chifukwa foni ikagwera m'nyanja mawu amenewo ndiwo okha angabweze ndalamayo. Malonda onse a tsiku ndi tsiku ndawabwezera pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo ndimasunga mizere yonse iwiri kuti wina ukavuta ndigwiritse ntchito unzake. Mnzanga uja ndinagwirizana naye kuti ndimubwezera theka la ndalama imene inasowa, pang'onopang'ono, kuyambira ndi katundu amene ndikutumiza ku Limbe mlungu wamawa.